Mfundo yopachikapo moyo

Ndilankhulepo za mfundo. Sindikunena mfundo za andale zimene timakamva pa Masintha ayi. Ndikunena mfundo yeniyeni yomanga pachingwe, imene munthu wodula mitengo amaikhulupirira ali lende mamita 15 pamwamba pa denga la eni ake.

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, kuno ku Kawale anthu amayamba kuyang'ana kumwamba. Aliyense akudziwa kuti mvula yoyamba imabwera ndi chimphepo, ndiye mwini nyumba amakumbukira bulugamu uja wapendekera kwa aneba, malaina amene nthambi zake zimakanda malata usiku, ndi mtengo wa mapeyala umene wakumbatira waya wa magetsi. Ina mwa mitengo imeneyi idadzalidwa Lilongwe atangosanduka likulu mu 1975, mapuloti adakali otakasuka. Lero puloti yomweyo ili ndi nyumba yaikulu, nyumba zalendi zinayi kuseri, bafa, chimbudzi, mpanda wa njerwa ndi kaokala kutsogolo. Malo ogwetserapo mtengo wathunthu palibe. Mtengo wotere umadulidwa kuyambira kunsonga, chidutswachidutswa, ndipo kuti zitero munthu ayenera kukwera. Ntchito imeneyi ndiyo imandidyetsa ine ndi ana anga.

Anzanga ambiri a ku Mchesi, Biwi ndi Chilinde amakwera opanda nsapato, chikwanje chili m'chiuno, chingwe chabuluu atachikulunga pamimba. Sindikuwanyoza, ndi amuna olimba mtima ndipo mitengo amaidziwa. Koma taonani mmene chingwe chawocho chimagwirira ntchito. Akafika pamphanda amachimanga ndi mfundo yakufa, yosasuntha. Akafuna kusendera kunthambi ina, chingwe chimapezeka chafupika, ndiye amamasula. Nthawi yosamuka ndi yomwe munthu amaterereka kwambiri, ndipo ndi nthawi yomweyo imene iye alibe chomugwira. Ena pothawa vutoli amasiya chingwe chachitali chili lendelende, moti akagwa amayamba atsika mamita atatu chingwe chisanakoke, kenaka n'kuwadula pamimba ngati mmene waya amadulira sopo.

Chofunika ndi mfundo yoyenda: ukaikankha ndi dzanja itsetsereke pachingwe, ukaikhalira ilume. Ndi mfundo yotere chingwe chimakhala chokungika nthawi zonse, ukamakwera, ukamatsika, ngakhale ukamayenda panthambi kupita kunsonga. Ine ndidaziphunzira ku Johannesburg, kumene ndidagwira zaka zisanu ndi chimodzi m'gulu lodula ndi kusadza mitengo ya jakaranda ndi bulugamu m'mipanda ya anthu. Amalawi ogwira ntchito imeneyi ku Joni alipo ambiri, koma ambiri amathera pansi, kukoka nthambi ndi kupakira m'lole. Kapitawo wathu, mkulu wa ku Zimbabwe, sankalola munthu kukwera asanathe sabata yathunthu akulendewera mita imodzi kuchoka pansi, kumanga ndi kumasula mpaka zala zitazolowera.

Nzeru yake si yachilendo kwa ife. Amene adawetako ng'ombe akudziwa kuti kamnyamata ka zaka khumi kangathe kuimitsa nkhunzi ngati kazunguliza chingwe kawiri pathunthu la mtengo. Si mphamvu za mwanayo, n'kukhulana kwa chingwe ndi khungwa. Katswiri wa masamu Leonhard Euler adaonetsa kalekale kuti mkombero uliwonse umene wawonjezera sumangophatikiza mphamvu yogwira koma umaichulukitsa. Ngati mkombero umodzi wachulukitsa kasanu, iwiri ichulukitsa ka 25, itatu ka 125. N'chifukwa chake kuwonjezera kapena kuchotsa mkombero umodzi wokha pamfundo yoyenda si nkhani yaing'ono. Umodzi ukachepa utsika ngati thumba la chimanga, umodzi ukachuluka mfundo iuma gwa ndipo ukhala m'mwamba mpaka dzuwa kulowa.

Masiku ano anyamata akuonera mavidiyo pa YouTube ndi TikTok, azungu akuuluka m'mitengo ndi timfundo tokongola, ndiye amabwera kudzandifunsa kuti, "Madala, mfundo yabwino kwambiri ndi iti?" Ine ndimawabwezera funso: chingwe chako n'chotani? Pajatu mfundo siimangidwa m'malere. Mfundo yomwe imagwira bwino pachingwe china imaterereka pa china, ndipo mfundo zambiri za m'mavidiyomo zidapangidwira zingwe zimene kuno sitili nazo.

Tiyambe ndi chingwe chabuluu chija, chimene chimapezeka m'mahadiweya onse a ku Malangalanga ndi m'misika. Tonse timachitcha nayiloni, koma kawirikawiri si nayiloni, ndi pulasitiki ya mtundu wa polypropylene. Kuchizindikira n'kosavuta: dulani kachidutswa, muponye m'beseni la madzi. Polypropylene amayandama, pamene nayiloni weniweni ndi poliyesita amamira. Chingwe choyandamachi chili ndi zilema zitatu kwa munthu wokwera. Choyamba n'choterera, mfundo siikhazikika. Chachiwiri chimaopa dzuwa. Mwaona mmene chimayererera ndi kuyamba kuthothoka timinga tolasa m'manja chikakhala panja miyezi ingapo, ndipo ena ogulitsa amachipachika padzuwa pomwepo kuti makasitomala achione. Chachitatu, chimene chimandiopsa kwambiri, n'chakuti chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, pamene poliyesita amapirira mpaka cha m'ma 250. Mfundo yoyenda imagwira ntchito pokhulana, ndipo kukhulana kumabala moto, monga ankapekera moto makolo athu. Munthu wa makilogalamu 70 akatsika mothamanga, kutentha konseko kumasonkhana pa kachigawo ka chingwe kosaposa chikhatho. Kunja chingwecho chimaoneka chatsopano ndithu, chikomekome cha mkuyu. Ine chabuluu ndili nacho, ndipo ndimachigwiritsa ntchito tsiku lililonse kutsitsira nthambi zazing'ono ndi kukokera mtengo kumene ndikufuna ugwere. Thupi langa sindichipatsa.

Chingwe chokwerera mitengo chimakhala choluka, chonenepa mamilimita 11 mpaka 13, kunja kwake kuli poliyesita, ndipo sichitamuka kwambiri. Ku Ulaya muyezo wa zingwe zotere umatchedwa EN 1891, ndipo chingwe cha gulu A chimayenera kupirira mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 2,200 chisanaduke. Wina adzati, zonsezo za chiyani pamene munthu safika ndi makilogalamu 100 omwe? Yankho n'lakuti mfundo iliyonse imadya mphamvu ya chingwe, nthawi zina mpaka theka. Munthu akagwa ngakhale mita imodzi yokha amakoka chingwe ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo. Onjezanipo fumbi la Lilongwe limene limalowa m'kati n'kumadula ulusi pang'onopang'ono. Anzathu okwera miyala, monga a Climb Malawi kuno ku Lilongwe ndi amene amakakwera Chambe ku Mulanje, ali ndi zingwe zolimba kwambiri, koma zambiri mwa izo adazipanga kuti zizitamuka munthu akagwa. Mumtengo chingwe chotamuka chimakunjanjitsa ngati uli pa lekeni, ndipo chikopa chake sichichedwa kutha pokhulana ndi khungwa.

Tsopano mfundo zenizenizo. Yodziwika kwambiri ndi Prusik, dzina la Karl Prusik, wokwera mapiri wa ku Austria amene adaifalitsa mu 1931. Umatenga kachingwe kocheperako, kulumikiza nsonga zake kuti kakhale ngati mkanda, n'kukazunguliza katatu pachingwe chachikulu, nthawi iliyonse kakudutsa m'kati mwa iko komwe. Ikamangidwa bwino mikombero isanu ndi umodzi imandanda mwaudongo ngati zibangiri pamkono. Ubwino wake n'ngwakuti imaluma mbali zonse ziwiri, kaya wakokera kumwamba kaya pansi, ndiponso ukalakwitsa kumanga, diso limaona msanga. Koma kachingweko kayenera kuchepa poyerekeza ndi chachikulu: pachingwe cha mamilimita 12 kapena 13, ka mamilimita 8 mpaka 10. Zikafanana kunenepa, makamaka ngati kachingweko n'kouma, Prusik imangopita osaluma. Kakachepetsetsa kamaluma mopitirira muyezo. Khalidwe lake loipa n'kukakamira. Ukaikhalira nthawi yaitali ukudula nthambi, pofuna kusuntha umayenera kuyamba waimirira penapake, kuchotsa thupi, n'kuifewetsa ndi chala chachikulu. Ine ndimaiika pa kachingwe kafupi kozunguliza thunthu, kamene ndimafupikitsa ndi kutalikitsa pang'onopang'ono. Pamenepo kukakamira kwakeko ndi kumene ndikufuna.

Ilipo ina yotchedwa Klemheist, mphwake wa Prusik. Imakankhika mosavuta pokwera ndipo imatheka kumangidwa ndi lamba wansalu wopyapyala, koma imaluma mbali imodzi yokha. Mumtengo, mmene munthu amatembenuka uku ndi uku, ine sindiikonda.

Okwera akale a ku America, m'masiku a zingwe zopota zonga za khonje, ankagwiritsa ntchito mfundo yotchedwa tautline. Adakwera nayo zaka zambiri ndipo siyofunika kuinyoza, koma ili ndi chizolowezi choyenda yokha. Ukamaikankha m'mwamba ndi pansi, mchira wake umafupika pang'onopang'ono ngati ukumezedwa, kwinaku mikombero ikuthina. Pazingwe zoterera za masiku ano khalidwe limeneli limakula.

Za m'mavidiyo zija, zimene anyamata amazisirira, ndi Distel ndi ina yotchedwa Valdotain tresse, mwachidule VT. Kunena zoona n'zokoma kukwera nazo. Ndidagwirapo ntchito ndi VT ku Joni: pansi pake umaika kapule kakang'ono, ndipo ukakoka chingwe mfundo imakwera yokha osaikhudza. Koma imafuna kachingwe kapadera kokhala ndi maso osokedwa mbali zonse, kopangidwa ndi ulusi wosamva moto monga Technora, kautali woyezedwa bwino. Kakatalika ndi zala ziwiri zokha, mikombero imatayana ndipo tsiku lina ukaikhalira siluma. Ndayenda m'masitolo a ku Area 2 ndi Area 4 kufuna kachingwe kotere ndipo sindidakapeze. Mnyamata wina wa ku Kaliyeka adandionetsa VT imene adamanga ndi chingwe choyanikira zovala ataonera pafoni. Maonekedwe adakhoza ndithu. Ndidamuuza kuti aikhalire pamtengo wa gwafa, mapazi ali pafupi ndi dothi, ndipo adafika pansi ndi matako asanamalize kuseka. Munthu asanyengedwenso ndi tizingwe toyera tolimba kwambiri totchedwa Dyneema. Pokoka n'tolimbadi kuposa waya, koma timaterera ndipo timasungunuka pa madigiri pafupifupi 150 okha.

Mfundo imene ndimapachikapo moyo wanga, ndipo ndi imene ndimaphunzitsa aliyense wogwira ntchito ndi ine, ndi ya Blake. Dzinalo lidachokera kwa Jason Blake, wodula mitengo wa ku America amene adaidziwitsa anzake mu 1994, ngakhale Heinz Prohaska wa ku Austria adali ataifotokoza kale mu 1981. Chifukwa chimene ndimaisankhira n'chaumphawi ndithu: siifuna kachingwe kachiwiri, siifuna pule, siifuna chitsulo chilichonse. Imamangidwa ndi mchira wa chingwe chomwecho, ndipo ndi imodzi mwa mfundo zochepa zimene zimaluma bwino pachingwe chofanana nacho kunenepa. Munthu wa ku Kawale amene wavutikira chingwe chimodzi chenicheni ndi lamba wokhalira, wamaliza kugula.

Kachitidwe kake nkotere. Umaponya chingwe pamphanda yolimba kuti mbali zonse ziwiri zilendewere. Mbali imodzi umaimanga palamba wako, n'kusiya mchira wotalika ngati mkono ndi theka. Mchirawo umauzunguliza kanayi pa mbali inayo, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Kenaka nsonga imatsika, kudutsa pamwamba pa chigawo chochokera kulamba, kuzungulira kuseri kwa chingwe chachikulu, n'kulowa m'mikombero iwiri yapansi kutulukira pakati. Kunsongako umamanga mfundo yotsekera yooneka ngati nambala 8. Mawu akuti kuseri ndawalemba dala. Nsonga ikadutsa kutsogolo kwa chingwe chachikulu, mfundoyo imaonekabe ngati Blake koma siigwira, ndipo okwera a kunja adaipatsa dzina lachipongwe lotanthauza kuti ndi yodziphera. Choncho pasapezeke wina wodula tsamba lino n'kukwera nalo bulugamu. Safunsa adadya phula. Mfundo imeneyi aphunzire kwa munthu woidziwa, manja ali pachingwe, mapazi ali pansi.

Pokwera umakoka chingwe ndi manja onse, kuponya chiuno m'mwamba, n'kukankha mfundo. N'kotopetsa, chifukwa kuti ukwere mita imodzi umakoka mamita awiri a chingwe. Koma kupinda chingwe pawiri kumeneku ndiko chinsinsi chonse. Thupi limagawika pa mbali ziwiri, moti mfundo imanyamula pafupifupi theka la kulemera kwako, n'chifukwa chake imamasuka ukaikhudza ngakhale uli chikhalire. Wina akamangirira chingwe chimodzi kumwamba n'kutsika nacho pa mfundo yokha, thupi lonse limakhala pamfundopo. Imauma osasuntha, kapena ikasuntha imapita yonse n'kupsa. Okwera ndi chingwe chimodzi amawonjezera chitsulo china chothandiza mfundoyo, ndipo chitsulocho n'chodula.

Mfundo ya Blake nayo imasintha ndi nyengo. Chingwe chikakhala chatsopano chimaterera, ndiye ndimawonjezera mkombero wachisanu pamwamba. Chimodzimodzi munthu akakhala wonenepa, kapena chingwe chikanyowa ndi mame a m'mawa. Utomoni wa mango umachita zosiyana: umamata mikombero moti mfundo imakana kutsika, kenaka n'kumasuka mwadzidzidzi. Ndikachoka mumtengo wa mango chingwe ndimachichapa ndi madzi ozizira n'kuchiyanika pamthunzi. Ndipo m'mawa uliwonse, ngakhale ndamanga mfundoyi kambirimbiri, ndimayamba ndaikhalira ndili pafupi ndi pansi, kudzigwedeza kawiri katatu, kutsika pang'ono, kuisiya kuti ndione ngati yaluma yokha.

Pali chinthu chimodzi chimene mfundo zonsezi zimafanana, ndipo n'chimene chimavuta kwambiri kuphunzitsa. Kuti utsike umaika zala ziwiri pamwamba pa mfundo n'kuikokera pansi pang'ono. Kuti uime umaisiya. Tsono munthu adalengedwa kuti akachita mantha afumbate chimene chili m'manja mwake. Mavu akakutulukira paphako, kapena nyerere zofiira za m'mango zikakulowa m'malaya, kapena phazi likaterereka pa khungwa losalala la bulugamu, dzanja limafinya mfundo ndi mphamvu zonse, ndipo mfundo yofinyidwa siluma. Munthu amatsika liwiro ali chigwirire chinthu chomwe chikadamupulumutsa akadachisiya. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, mwana wa mlongo wanga, ndidamuphunzitsa pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Ankati akulendewera bwinobwino ine n'kukuwa mwadzidzidzi kuti, "Njoka!" Masiku oyamba ankafumbata mfundo n'kugwera pa matiresi amene tidayala. Amayi ake adandikalipira kuti, "Achimwene, mundiphera mwana." Patatha milungu itatu, ndikakuwa manja ake ankangotambasuka okha ngati akuombera m'manja kutchalitchi. Ndi pamene ndidamulola kufika pamphanda yoyamba.

Mfundo yabwino siithandiza ngati chopachikapo chili chofooka. Mapeyala ndi mango amathyoka mosachenjeza, malaina ndi ofewa, ndipo bulugamu amasunga nthambi zouma zimene pansi zimaoneka zamoyo. Chingwe chimayenera kudutsa pamphanda pomwe nthambi yakumana ndi thunthu, ndipo ngati n'kotheka chizungulire thunthulo, osati nthambi yokha. Tisanakwere timachikhalira anthu awiri pamodzi. Pocheka, kaya ndi sowo kaya ndi makina, ndimakhala nditamangidwa pawiri, chingwe chachikulu cha Blake ndi kachingwe kafupi ka Prusik kozungulira thunthu, chifukwa chingwe chokungika chimaduka ndi kukhudza kumodzi kwa mano a makina. Chikwanje ndicho choopsa kwambiri, popeza chimadumpha pamtengo wouma n'kupita kumene sunachitume. Lamba nayenso akhale wokhalira, wogwira m'chiuno ndi m'ntchafu, wokhala ndi pomangira kutsogolo. Malamba a pa zomangamanga amene amapezeka pa kaunjika, okhala ndi mphete kumsana, adapangidwa kuti akugwire ukagwa, osati kuti uzigwira ntchito utakhalamo. Za mawaya a magetsi ndinene mwachidule: nthambi zikakhala pafupi ndi waya sindikwera mpaka a Escom atadziwitsidwa ndi kuzimitsa. Chingwe chonyowa ndi nthambi yaiwisi zonse zimadutsa magetsi.

Ndilankhuleko ndi inu eni mitengo, amene mumatiitana. Pachichewa mawu akuti mtengo ali pawiri, ndipo pokambirana ganyu mtengo wa ndalama ndi umene umakula kuposa mtengo wa masamba. Ndikatchula ndalama zanga, bambo wina amati, "Aaa, achimwene, pali mnyamata wina wati adula ndi theka la ndalama zimenezo, ndiponso amaliza lero lomwe." N'zoona amaliza msanga, chifukwa sataya nthawi kuponya chingwe, kuyesa mphanda ndi kumanga pawiri. Masiku ambiri amatsika bwinobwino, ndipo ine ndimaoneka wakuba. Koma tsoka silinunkha. Pitani pa Kamuzu Central Hospital nyengo ya mango, kapena ku chipatala cha mafupa cha LION chimene chidatsegulidwa pomwepo mu 2023, mukaone ana ndi akulu amene adagwa m'mitengo. Mkono ndi mwendo madokotala amalumikiza. Mtsempha waukulu wa m'fupa la msana ukaduka, munthu amabwerera kwawo pa njinga ya olumala, ndipo m'tinjira ta ku Kawale ta mathanthwe ndi ngalande njinga imeneyo siyenda. Ndikudziwa bambo wina amene tinkadula naye mitengo ndisanapite ku Joni. Adagwa pa sindireya wosatalika n'komwe, chingwe chili m'chiuno koma atachimasula kuti asamukire kunthambi ina. Lero akazi ake ndiwo amamutembenuza pamphasa. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo cha anthu pantchito la 1997 ndi la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000, koma munthu waganyu amene mwapangana naye pageti alibe kalata iliyonse yoti akaonetse. Mwini mtengo uja adapereka ndalama ya galimoto yopita kuchipatala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sindikupempha kuti muzindilemba ine. Ndikupempha kuti wokwera akabwera muzimufunsa mafunso awiri okha: chingwe chimene akhalire ndi chiti, ndipo chotsitsira nthambi ndi chiti? Akakuonetsani chingwe chimodzi cha ntchito zonse ziwiri, dziwani kuti chingwe chimene chagwetsedwera zipika dzulo ndicho chinyamule munthu lero. Kenaka mumuuze akuonetseni mfundo yake ali pansi, aikhalire, atsike nayo pang'ono, aisiye. Zimatenga mphindi ziwiri. Mukatero musamuthamangitse, ndipo ana muwachotse pansi pa mtengo. Ndikadakondanso a TEVETA, amene amayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, akadaganizirako ntchito yathuyi ngakhale ndi maphunziro a milungu iwiri, poti mitengo ya m'mataunimu ikukulirakulira ndipo nyumba zikunka zithinana pansi pake.

Chilema cha Blake ndichinene, kuti wina asadzati ndidamubisira. Popeza imamangidwa ndi mchira wa chingwe chokwerera, kutentha konse kumagwera malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Pakapita nthawi, m'kati mwa mikombero mumayamba kunyezimira ndi kuuma ngati pulasitiki yopsa. Ukaona zimenezo, kapena ukapinda chingwe n'kumva pena pofewa ngati mulibe kanthu m'kati, mchirawo umadulidwa n'kutayidwa, osati kuusunga kuti udzamangire mbuzi, chifukwa tsiku lina wina adzautola n'kukwera nawo. Kutsika pang'onopang'ono kumautalikitsa moyo. Ena amadula kachidutswa kapadera ka mamita awiri n'kumamangira Blake pamenepo, kuti kakatha asinthe iko kokha ndiponso kuti azitha kulambalala nthambi osamasula mfundo yonse. Njira imeneyi imafuna ngowe ziwiri zachitsulo zokhala ndi loko, zolembedwa mphamvu yake pambali, osati zija zokolekera makiyi zimene amagulitsa mu Tsoka.

Chingwe changa ndidabwera nacho kuchokera ku Joni chili mamita 45. Ndachidula mchira kanayi, ndipo pano chatsala mamita 39. Popeza chimapindidwa pawiri, ndiye kuti mphanda yoposa mamita 19 sindingatsike nayo ulendo umodzi mpaka pansi, n'chifukwa chake kunsonga yapansi ndimamangako mfundo ina yotsekera kuti Blake isadzapitirire n'kutuluka. Zaka zake zakwana zoti chipume ngakhale chikuonekabe bwino. Ndayamba kale kusunga pang'onopang'ono, ndipo mlamu wanga amene amabwera pa basi ya ku Joni mu Disembala ndamutumizira chithunzi cha chizindikiro cha EN 1891, kuti asadzandibweretsere chingwe chokokera galimoto.